MAWU A ABUSA: KHALANI PANSI MUWERENGERE MUSANASANKHIRE MWANA KOLEJI



Nyengo ino ya mvula ndi imene makolo ambiri mu mpingo mwathu sagona tulo. Ana alemba mayeso a kalasi ya 12, ndipo amene akhoza akuyang'ana kwa atate ndi amayi awo mwachiyembekezo. Malo m'sukulu za ukachenjede za boma ndi ochepa poyerekeza ndi owafuna, choncho otsala amatembenukira ku makoleji oyima paokha, amene amalengezedwa pa wailesi ndi pa zikwangwani. Chovuta n'chakuti zonsezi zimagwa pa nthawi imene nkhokwe zapepuka, ndalama za nyemba ndi mbatata zidathera ku feteleza, ndipo zokolola zatsopano zikadali kutali. Kholo limasankha mothamanga, m'thumba muli mbee, katundu amene lidzamusenze zaka zinayi kapena kuposerapo.

Madzulo ena, titangomaliza mapemphero a pabanja, kudafika mmodzi wa akulu a mpingo kunyumba kwathu. Atakhala pa mpando adangoti chete kwa kanthawi, chipewa chili m'manja. Kenaka adati, “Abusa, mnyamata wanga uja wabwerako, koma wabwera chimanjamanja.” Mwanayo adaphunzira zaka ziwiri ndi theka pa koleji ina yoyima payokha mu mzinda wakutali. Kuti ayambe, bambo ake adatenga ngongole yodulidwa ku malipiro awo a mwezi ndi mwezi. M'chaka chachiwiri adagulitsa dimba. M'chaka chachitatu propina idakwera, adalephera kulipira miyezi inayi, ndipo mwana sadaloledwe kulemba mayeso. Ndidawafunsa kuti, “Bambo, pamene munkayamba, kodi mudawerengera kuti zonse zidzakwana ndalama zingati?” Iwo adayankha kuti, “Iyayi Abusa. Ndidangofunsa ya mwezi umodzi, ndidaona ngati ndikwanitsa, ndipo zinazo ndidati Mulungu adzaona.” Lero dimba lidapita, digiri palibe, koma ngongole ikudulidwabe.

Usiku umenewo inenso tulo tidandithawa. Ndidakumbukira kuti tsiku limene mnyamatayo ankanyamuka ndine ndidamusanjika manja ndi kumupempherera, koma funso limene ndidafunsa atabwerako sindidalifunse asanapite. Bambowo adandipempha okha kuti ndinene nkhaniyi, kuti ena asagwe m'dzenje lomwelo.

Pa Luka 14:28-30, pophunzitsa za mtengo wa kukhala wophunzira wake, Ambuye Yesu adapereka fanizo la munthu wofuna kumanga nsanja. Wanzeru amayamba waona ngati chuma chake chidzafika pa denga. Wopupuluma amathira maziko, nalekeza panjira, nasanduka choseketsa cha odutsa. Phunziro lalikulu la ndimeyi ndi la moyo wauzimu, koma Ambuye sakadatenga fanizo limeneli kukadakhala kuti kuwerengera ndi kusowa chikhulupiriro. Mkhristu amapemphera, ndipo akadzuka pa maondo amatenga cholembera ndi pepala.

Kale ndi lero

Pamene dziko lathu linkalandira ufulu mu 1975, munali yunivesite imodzi yokha, imene mu 1976 idapatsidwa dzina la Eduardo Mondlane. Ophunzira anali ochepa, ndipo womaliza sankavutika kupeza ntchito. Lamulo la 1993 lidatsekula khomo kuti mipingo, mabungwe ndi anthu wamba akhazikitse sukulu za ukachenjede. Universidade Católica de Moçambique idayamba kuphunzitsa mu 1996, ndipo zina zidatsatira. Lero sukulu zotere zapitirira 50 m'dziko muno, ndipo zoyima pazokha ndizo zochuluka kuposa za boma.

Nafenso ku Niassa sitidatsalire. Universidade Rovuma, ya boma, imene idabadwa mu 2019 pamene Universidade Pedagógica idagawidwa, ili ndi nthambi muno mu Lichinga. Universidade Lúrio, ya bomanso, imaphunzitsa za ulimi ku Unango m'dera la Sanga. Católica imaphunzitsa za ulimi ku Cuamba, ndipo ili ndi nthambi ina muno mu mzinda. Palinso maphunziro ochitira kunyumba kudzera pa intaneti, monga a UnISCED ya ku Beira. Ku Vila Ulónguè m'chigawo cha Tete kuli Hefsiba, sukulu ya Igreja Reformada. Ena mwa ife amayang'ana ku Nampula, ku Beira, ngakhalenso kutsidya kwa malire ku Malawi.

Tiyamike Mulungu chifukwa cha makomo onsewa. Koma kuchuluka kwa makomo kwabweretsa udindo watsopano kwa kholo, wosiyanitsa khomo ndi linzake. Vutoli si lathu lokha. Ku America ngongole zimene ophunzira adabwereka ku boma zidapitirira madola 1.6 thililiyoni pofika 2024. Mu 2015 boma la kumeneko lidayamba kuonetsa poyera, kudzera mu College Scorecard, mtengo wa koleji iliyonse, ngongole imene ophunzira amatuluka nayo, ndiponso malipiro amene amalandira akayamba ntchito. Zitatuzi zitaikidwa pamodzi, zidaoneka kuti makoleji ofanana mtengo angathe kusiyana kwambiri pa zimene ana amapeza pambuyo pake. Mafunso atatu omwewo ndiwo tiyenera kufunsa ife, ndi miyendo yathu ndi pakamwa pathu.

Funso loyamba: kodi zonse zidzakwana zingati?

Musafunse propina ya mwezi umodzi yokha. Funsani kuti imalipidwa miyezi ingati pachaka, pakuti sukulu zimasiyana. Funsani ndalama yolembetsera dzina chaka ndi chaka, chindapusa cha kuchedwa kulipira, ndalama ya mayeso obwereza, ya monografia yomalizira maphunziro, ya mwambo wolandirira digiri ndiponso ya satifiketi. Funsaninso kuti propina idakwera kangati m'zaka zitatu zapitazi, chifukwa mtengo umene mwauona lero sungakhale womwewo m'chaka chachinayi. Pemphani kuti zonsezi akulembereni pa pepala.

Kenaka onjezerani za moyo wa mwana. Tiyeni tichite masamu ndi ziwerengero zongoyerekeza, ndipo inu muikepo zenizeni. Tinene kuti koleji yoyamba ili muno mu Lichinga, propina yake ndi 5,000 MT pamwezi kwa miyezi 10, ndipo mwana akugona pakhomo. Pa zaka zinayi zikwana 200,000 MT. Tikaonjezera 15,000 MT pachaka ya kulembetsa, mapepala ndi mayendedwe, zonse zifika 260,000 MT. Koleji yachiwiri ili ku Nampula, ulendo wa makilomita oposa 600, ndipo propina yake ndi 3,000 MT yokha. Pa zaka zinayi zikwana 120,000 MT. Koma chipinda ndi chakudya tinene kuti ndi 5,000 MT pamwezi, ndiye kuti 200,000 MT. Ulendo wopita ndi kubwera tiuike pa 6,000 MT pachaka, ndiye kuti 24,000 MT. Zolembetsa ndi mapepala zija ndi 60,000 MT. Zonse pamodzi ndi 404,000 MT. Koleji imene inkaoneka yotsika mtengo yaposa inzake ndi 144,000 MT.

Sindikunena kuti ya pafupi ndiyo yabwino nthawi zonse, pakuti alipo maphunziro ena amene kuno sapezeka. Ndikunena kuti mtengo weniweni ndi wa tsiku loyamba mpaka tsiku limene satifiketi yafika m'manja. Ndipo koleji yodula kuposa zonse ndi imene mwana sadaimalize, chifukwa pamenepo mwalipira popanda chotenga. Ikaninso m'masamu anu chaka chimodzi chapadera, pakuti matenda, maliro kapena kulephera phunziro limodzi zingatalikitse ulendo.

Makolo a ana aakazi, ganizirani mofatsa za kumene mwana adzagona ndi chimene adzadya. Mtsikana amene ndalama zamuthera pakati pa mwezi mu mzinda wachilendo amakumana ndi mayesero amene sadzakuuzani pa lamya. N'kulakwa kumutumiza ndi propina yokha n'kumayembekeza kuti zina adzaona yekha.

Funso lachiwiri: kodi ngongole adzaisenza ndani?

Miyambo 22:7 imatichenjeza kuti ngongole imaika munthu pansi pa ulamuliro wa amene adamubwereka. Baibulo silinena kuti kukongola kulikonse ndi tchimo, koma silibisa kulemera kwake. Werengani 2 Mafumu 4:1-7. Mwamuna wa mayi uja anali mmodzi wa ana a aneneri, tinganene kuti wophunzira wa sukulu ya Baibulo ya masiku amenewo, ndipo anali woopa Mulungu. Komabe atamwalira adasiya ngongole, mwini ngongole n'kubwera kudzatenga ana ake awiri kuti akhale akapolo. Kuopa Mulungu kwa bamboyo sikudafafanize ngongoleyo. Onaninso kuti Elisa, asanachite chozizwa, adayamba wafunsa chimene mayiyo anali nacho m'nyumba. Thandizo la Mulungu lidayambira pa kuwerenga zimene zilipo.

Kwathu kuno, kawirikawiri wokongola ndi kholo, mlongo kapena malume wa pa ntchito, osati wophunzira mwini wake. Ngongole yotere siidikira kuti mwana amalize ndi kupeza ntchito. Imayamba kudulidwa mwezi wotsatira, ndipo chiwongoladzanja m'dziko lathu n'chokwera. Mu 2023 mlingo umene mabanki amayambirapo powerengera chiwongoladzanja udapitirira 20 peresenti pachaka, ndipo munthu wamba amalipira choposa mlingowo. Tiyerekezenso. Mukakongola 100,000 MT pa 30 peresenti pachaka, yobweza m'zaka zitatu, muzilipira pafupifupi 4,250 MT mwezi uliwonse, ndipo pomaliza mudzakhala mutabweza pafupifupi 153,000 MT. Ngati ndalamayo yangokwanira zaka ziwiri za sukulu, m'chaka chachitatu mudzakhala mukulipira ngongole yakale ndi propina yatsopano nthawi imodzi. Apa ndi pamene mkulu wa mpingo uja adagwera.

Za katapila ndiye ndikupemphani m'dzina la Ambuye kuti musayandikeko. Mukatenga 10,000 MT kwa munthu wofuna 30 peresenti pamwezi, pakutha pa chaka mudzakhala mutamupatsa 36,000 MT, koma 10,000 MT ija ikadali pomwepo. Musapereke munda, nyumba kapena khadi la ku banki ngati chikole cha propina. Munda ndi wa ana onse, ndi zidzukulu zomwe. Si chilungamo kuti mwana mmodzi adye cholowa cha abale ake asanu popanda iwo kufunsidwa.

Langizo langa ndi ili. Musanasaine pepala lililonse, funsani kuti pamapeto mudzabweza zingati zonse pamodzi. Ngati zodulidwa pamwezi zikupitirira gawo limodzi la magawo atatu a zimene banja limapeza, imani kaye. Mwamuna asakongole mkazi wake asakudziwa, ndipo mkazi asakongole mobisa. Yambani mwafufuza za bolsa ku Instituto de Bolsas de Estudo ndi ku sukulu yeniyeniyo, ndipo mwana ayambe walemba mayeso olowera ku sukulu za boma, kumene propina ya maphunziro a masana imakhala yotsika kwambiri. Xitique ndi magulu osunga ndalama angathandizenso ngati mwayamba mwana akadali m'kalasi ya 10.

Amene mukuganiza zotumiza mwana ku Malawi podzera pa Mandimba, dziwani kuti bungwe la boma lopereka ngongole kwa ophunzira, limene lidakhazikitsidwa kumeneko mu 2015, limathandiza nzika za dzikolo. Dziwaninso kuti digiri yochokera kunja iyenera kulandira equivalência kuno kwathu isanagwire ntchito m'boma, ndipo maofesi athu amayendera Chipwitikizi pamene kumeneko amaphunzira m'Chingerezi. Zonsezi zilowe m'masamu anu.

Funso lachitatu: kodi omaliza pamenepo akupeza chiyani?

Funso ili ndi limene timalithawa, chifukwa yankho lake lingasokoneze maloto athu. Mu 2017 akatswiri a bungwe la UNU-WIDER, mogwirizana ndi Universidade Eduardo Mondlane ndi University of Copenhagen, adafunsa ophunzira oposa 2,000 a chaka chomaliza m'mayunivesite 6 aakulu a dziko lino kuti akuyembekeza kudzalandira zingati. Kenaka adapitiriza kuwaimbira lamya mu 2018 ndi 2019 kuti amve zimene zidawachitikira. Adapeza kuti malipiro enieni anali otsika kwambiri poyerekeza ndi amene ophunzirawo ankayembekeza, ndipo ena anali akufunabe ntchito patapita chaka ndi miyezi. Zifukwa zikuluzikulu zinali ziwiri. Ambiri adalowa ntchito zosagwirizana ndi zimene adaphunzira. Komanso poyembekeza paja ankadziyerekeza ndi anthu ochepa amene zidawayendera bwino koposa, osati ndi womaliza wamba.

Kodi si mmene timachitira ifenso? Timaona mwana wa uje wabwera ndi galimoto pa Khirisimasi, n'kunena kuti wathunso apite komweko. Anzake makumi atatu amene adamaliza naye limodzi sitiwaona, chifukwa amene zikumuvuta sadzionetsa. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ngati zidatero kwa omaliza m'mayunivesite aakulu a ku Maputo ndi Beira, kumene makampani ndi ochuluka, tiyenera kufunsitsa koposa za makoleji aang'ono ndi za ntchito zopezeka ku Niassa.

Tsono chitani izi. Funsani akuluakulu a sukulu kuti pa ophunzira amene adayamba phunzirolo zaka zisanu zapitazo, ndi angati adamaliza. Kenaka pezani nokha anthu asanu kapena khumi amene adamaliza pamenepo, osati amene sukulu yakusankhirani. Afunseni mwaulemu kuti adamaliza liti, padapita nthawi yaitali bwanji asanapeze ntchito, kodi ntchitoyo ndi ya zimene adaphunzira, ndipo kodi malipiro ake akadakwanira kubweza ngongole ngati imene inu mukufuna kutenga. Ngati mwa khumiwo ndi awiri okha amene akugwira ntchito ya maphunziro awo, yankho mwalipeza.

Kumbukirani kuti muno mu Lichinga ntchito zambiri za malipiro a pamwezi ndi za boma: uphunzitsi, chipatala ndi maofesi. Kuyambira 2022 malipiro a boma amatsata Tabela Salarial Única, ndipo amayendera udindo ndi maphunziro a munthu. Boma silifunsa kuti propina yanu inali yokwera bwanji. Amene adalipira 260,000 MT ndi amene adalipira 404,000 MT, akalowa pa udindo umodzi, amayambira pa malipiro amodzi. Chofunika n'chakuti digiriyo ikhale yovomerezeka, ndipo malo a ntchito apezeke. N'chifukwa chake muyenera kuona ndi maso anu chilolezo cha boma cha sukuluyo ndi cha nthambi imene mwana adzaphunzirepo, ndi kufunsa ngati phunzirolo lidavomerezedwa ndi CNAQ, bungwe loyesa ubwino wa maphunziro a ukachenjede. Safunsa adadya phula.

Ganiziraninso chimene dera lathu likusowa. Niassa ndi dziko la minda, nkhalango, nyanja ndi nyama zakutchire. Wophunzira ulimi, zaumoyo, magetsi kapena zomangamanga angathe kudzilemba yekha ntchito boma likachedwa kumuitana. Alipo maphunziro ena amene popanda ofesi yokulemba, digiri imangokhala m'sutikesi.

Dzina la mpingo pa chipata

Ena adzati, “Abusa, ife tasankha koleji ya mpingo, choncho mtima uli m'malo.” Ndimalemekeza sukulu za mipingo. Aphunzitsi oyamba a m'mbali mwa nyanja yathu adaphunzitsidwa ndi mishoni, monga pa St Michael's College ya Anglican ku Cóbuè, ndipo ku Malawi masinodi a CCAP adakhazikitsa University of Livingstonia ndi Nkhoma University. Sukulu imene imasamala za khalidwe ndi mapemphero a mwana ili ndi phindu limene ndalama sizingayese. Koma dzina la mpingo pa chipata silichotsa mafunso atatu aja. Sukulu yotchula dzina la Khristu ndiyo iyenera kukhala yoyamba kuyankha moona, osabisa mtengo, osalonjeza ntchito zimene ilibe mphamvu yopereka. Ngati sukulu iliyonse ikwiya chifukwa mwafunsa, mkwiyowo ndi yankho.

Ndinenenso kwa achinyamata ofuna sukulu ya Baibulo. Utumiki ndi maitanidwe, ndipo sitiuyeza ndi malipiro. Koma chifukwa chomwecho musalowe m'ngongole yaikulu poyembekeza kuti chopereka cha mpingo chidzabweza. Lolani mpingo umene wakuonani kuti ndinu oitanidwa usenze nanu mtolowo.

Njira ina si manyazi

Mwina mutawerengera mudzapeza kuti chaka chino sizitheka. Musachite manyazi. Mwana angathe kudikira chaka chimodzi, akulima kapena kugwira ganyu, n'kulembanso mayeso a sukulu za boma. Angathe kulowa sukulu ya ntchito zamanja monga Instituto Agrário de Lichinga kapena Instituto Industrial e Comercial Ngungunhane, n'kudzapitiriza digiri madzulo akudzilipirira yekha. Mtumwi Paulo anali wophunzira kwambiri, koma Machitidwe 18:3 amatiuza kuti ankadzidyetsa ndi luso losoka mahema. Ambuye wathu mwini adadziwika ku Nazarete ngati mmisiri wa matabwa. Ulemu wa mwana wanu pamaso pa Mulungu sudalira mkanjo wakuda ndi chithunzi cha pakhoma.

Kwa inu ana, mverani. Makolo anu akanena kuti koleji imene mukuifuna sangaikwanitse, sikuti sakukondani. Khalani nawo pansi muone masamuwo limodzi. Ndipo inu amene muli kale pa sukulu, dziwani kuti phunziro lililonse limene mwalephera chifukwa cha ulesi ndi matumba a nyemba amene amayi anu adapalira ndi msana wawo.

Mutu umodzi susenza denga. Mu mpingo mwathu muli aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito ku banki ndi achinyamata amene adamaliza m'makoleji osiyanasiyana. Ndikupempha akulu a mpingo, amayi a chigwirizano ndi atsogoleri a achinyamata kuti m'mwezi uno tikonze tsiku limodzi, titatuluka m'mapemphero, lakuti makolo abwere ndi mapepala a sukulu zimene akuziganizira, ndipo abale odziwa masamu awathandize kuwerengera. Omaliza maphunziro abwere adzanene zoona, amene ali pa ntchito ndi amene akudikirabe, popanda wina kusekedwa. Ndi bwino kumva choonadi chowawa pa bwalo la tchalitchi mu Januwale kusiyana ndi kudzalira m'nyumba ya abusa patapita zaka zitatu.

Mnyamata wa mkulu uja tsopano akuthandiza bambo ake kumunda wotsala, ndipo tikupemphera kuti tsiku lina adzamalize chimene adayamba. Mumukumbukire m'mapemphero anu, pamodzi ndi mabanja onse amene ngongole ya sukulu yawawerametsa. Yakobo 1:5 amatilimbikitsa kupempha nzeru kwa Mulungu pamene zatichepera. Tipemphe nzeruzo, kenaka tiyatse nyali, tiitane amayi a kunyumba ndi mwana, titenge pepala, tiwerengere.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani nonse.

Ine wanu mu utumiki wa Khristu,
Mbusa, Lichinga